Nsima ya pakati pa sabata



Nsima ya Loweruka ndi Lamlungu siivuta. Nthawi imakhalapo, wina amapita kumsika m'mawa, nyemba zimabwata pamoto mpaka kupsa bwinobwino. Yovuta ndi nsima ya Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ndi imeneyi tikufuna tikambirane.

Pakhomo pathu tonse awiri timagwira ntchito. Bambo amagulitsa m'sitolo ku Limbe, mayi amasoka zovala m'tauni ya Blantyre, ndipo kwathu ndi ku Machinjiri. Tili ndi ana anayi: mtsikana wa Fomu 4, mnyamata wa Fomu 2, ndi awiri a kupulayimale. Timaweruka 5 koloko, koma kuti tipeze minibasi, idzaze, idutse mumdipiti wa magalimoto wa madzulo, timafika pakhomo cha m'ma hafu pasiti 6. M'mwezi wa Juni, pamene dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, Maghrib imatipeza tili pamsewu. Kuchokera pofika mpaka pogona pamatsala maola atatu okha, ndipo m'maola amenewo muyenera kulowa swala, kusamba, homuweki ya ana, kusita yunifomu ndi kuphika. Tikudziwa kuti ambiri a inu moyo wanu ndi womwewu, kaya mumakhala ku Bangwe, ku Ndirande kapena ku Chirimba.

Munthu wotopa chonchi akatsika pasiteji, fungo la chiwaya limamuitana ndi dzina. Kugula tchipisi, kapena buledi woti ana amwere tiyi n'kugona, kumaoneka ngati kupepukitsa moyo. Sitikunyoza ogulitsa zakudya m'misewu, pakuti ena mwa iwo ndi abale athu ndipo geni imeneyo ndiyo ikulipira fizi ya ana awo. Tsiku limodzi pakanthawi si mlandu. Koma chikasanduka chizolowezi, pali zinthu zitatu zimene zimatidetsa nkhawa.

Choyamba ndi thumba. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mafuta ophikira, buledi ndi shuga sunabwererenso m'mbuyo. Ndalama yogulira tchipisi chokhutitsa anthu asanu ndi mmodzi usiku umodzi, ifeyo imatigulira nyemba zodya masiku angapo. Chachiwiri ndi thanzi. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Chakudya chophikidwa pakhomo timadziwa madzi amene atsukira mbale ndi manja amene achigwira. Chachitatu ndi cha ife Asilamu: pachiwaya sudziwa kuti mbuzi ija anazinga ndani, kapena kuti m'mafuta omwewo mwakazingidwanso chiyani. Mwana amene watuma ndi ndalama m'manja safunsa mafunso amenewa.

Tsono tingatani, popeza ntchito sitingasiye? Yankho tinalipeza m'mwezi wa Ramadhan. M'mwezi umenewu timagwira ntchito monga mwa masiku onse, tili ndi njala ndi ludzu, koma adhana ya Maghrib ikamamveka chofuturu chimakhala chili pamphasa. Daku nayo siphonya, ngakhale imadyedwa kusanache. Chimachititsa n'chiyani? Aliyense m'nyumba amadziwa nthawi yodyera, amadziwiratu chimene chidyedwe, ndipo amagwirako ntchito. Luso tili nalo kale. Chimene tinachita pakhomo pathu n'kungolitenga kuti ligwirenso ntchito m'miyezi 11 yotsalayo.

Kuphika kwa pakati pa sabata kumayamba Lamlungu masana. Timakhala pansi n'kugwirizana ndiwo za masiku asanu, ndipo mnyamata amalemba papepala n'kumata kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Kapepala kameneka kamaoneka kachibwana, koma kamachotsa funso lotopetsa kwambiri la madzulo, lakuti lero tidya chiyani. Tsiku lomwelo timasinja nsinjiro za sabata yonse n'kusunga m'botolo lotseka bwino. Timasankha nyemba ndi mpunga kuchotsa timiyala. Timagula anyezi, usipa wouma, mazira ndi makala okwanira, chifukwa kugula makala a m'timajumbo tsiku ndi tsiku kumadya ndalama zambiri kuposa kugula thumba. Zotsala kugula pobwera kuntchito ndi masamba ndi tomato basi.

Nyemba ndizo zimaopsa anthu ogwira ntchito, chifukwa zimatha maola awiri kapena atatu pamoto ndipo zimamaliza makala. Ife timaziviika m'madzi usiku tisanagone. M'mawa tikaswali Fajr, pa mbaula yomwe yawiritsa madzi a tiyi timaikapo nyembazo m'madzi atsopano, zibwate kwambiri kwa mphindi 20. Kenaka timaphula mpoto uli wovundikira, kuukulunga m'bulangete lakale, n'kuuika m'dengu lomwe tayalamo nsanza zoyera pansi ndi m'mbali, pamwamba n'kuphimbanso. Kutentha kumatsekeredwa m'katimo ndipo nyemba zimapitiriza kupsa zokha popanda khala ndi limodzi lomwe. Madzulo timazipeza zafewa. Timaziwiritsanso mpaka zibwate ndithu, n'kuthira mchere, anyezi ndi tomato wokazinga. Tomato timathira kumapeto chifukwa kuwawasa kwake kumachedwetsa nyemba kufewa. Soda sitithira: amafewetsa msanga, inde, koma amawononga mavitamini ena. Dengu lomweli limaphikanso nandolo ndi khobwe, ndipo silidziwa kuti magetsi azima.

Ndiwo zina n'zachangu mwachibadwa. Usipa ukauviika m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke, umapsa m'mphindi 15, ndipo poti timadya ndi minga yomwe, umalimbitsa mafupa a ana. Mazira a tomato sachedwa. Mpiru, bonongwe ndi chisoso zimafuna mphindi zochepa, ndipo kuziphika mpaka zitade n'kutaya ubwino wake. Nkhwani wotendera amachedwetsa ndi kusadzula kokha, ndiye ntchito imeneyo amagwira ana aang'ono akabwera ku madrassa. Nthawi ya chilimwe, masamba akadula, timatsegula chikwatu cha mfutso wa khwanya chimene agogo amatitumizira kuchokera kumudzi. Amayi athu akale, amene ankabwera kumunda dzuwa litapendeka atatopa kuposa ife, anatisiyira nzeru imeneyi. Nsima payokha siitenga nthawi ngati madzi ali otentha kale, choncho amene wafika msanga amayatsa mbaula n'kutereka madzi.

Sabata yathu imayenda motere nthawi zambiri. Lolemba nsima ya mgaiwa ndi nyemba. Lachiwiri usipa ndi mpiru. Lachitatu mpunga ndi mazira kapena soya. Lachinayi futali wa mbatata kapena chinangwa, pambali pali masamba. Lachisanu, thumba likalola, nkhuku kapena nyama ya kubutchala imene timaikhulupirira; likakana, matemba. A zaumoyo m'dziko muno amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za m'gulu la nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Sitinganame kuti magulu onsewa amakwana m'mbale imodzi usiku uliwonse. Koma tikayang'ana kapepala kathu timaona gulu limene lasowa, ndipo nthochi, papaya kapena mango a nyengo yake amatseka mpatawo motsika mtengo. Mchere timagula wa ayodini ndipo timathira mosamala, popeza bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi.

Tsopano tifike pamene pali mtima wa nkhani yathu. Amaphika ndani? M'nyumba zambiri zimene makolo onse amagwira ntchito, yankho ndi mwana wamkazi wamkulu. Akaweruka kusukulu amavula yunifomu n'kumanga chitenje: kuyatsa moto, kuphika, kupakula, kutsuka mbale. Mlongo wake wamwamuna nthawi imeneyo ali kumpira, kapena ali ndi buku m'manja. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati mtsikana amathera ola limodzi ndi theka kukhitchini madzulo alionse, pa masiku asanu ndi maola 7 ndi theka. Pa teremu ya masabata 13, ndi pafupifupi maola 100. Awa ndi maola a Masamu, Biology ndi Chingerezi amene mnzake wa m'kalasi wawerenga, iye ali kuthyakula nsima. Tsiku la mayeso a MSCE onse awiri adzapatsidwa pepala limodzi ndi nthawi yofanana. Zotsatira zikadzatuluka tidzati mtsikanayu analibe mutu, chonsecho mutu anali nawo, chimene analibe ndi nthawi.

Mutu umodzi susenza denga. Pakhomo pathu aliyense ali ndi gawo lake. Ana aang'ono amasadzula ndi kutsuka masamba, kutunga madzi osamba m'manja ndi kuyala mphasa. Mnyamata wa Fomu 2 amayatsa mbaula ndipo amaphika nsima Lolemba, Lachitatu mpunga. Bambo amabwera ndi tomato ndi masamba kuchokera ku Limbe, ndipo usipa wa Lachiwiri ndi wawo. Mayi amayang'anira dengu la m'mawa ndi ndiwo za masiku otsalawo. Mtsikana wa Fomu 4 chaka chino tamumasula: amatsuka mbale Loweruka ndi Lamlungu basi, ndipo mchimwene wake akudziwa kuti akadzafika Fomu 4 adzamasulidwanso chimodzimodzi.

Alipo achibale amene anatifunsa ngati si manyazi kuti mwana wamwamuna azigwira mthiko mlongo wake ali pompo. Tinawakumbutsa za asodzi a kunyanja ku Mangochi, amene amadziphikira okha nsima padoko, ndipo palibe amene anawatchapo akazi. Tinawakumbutsanso za ana athu ambiri amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Kumeneko kulibe mlongo wowaphikira. Amene anachoka kuno akudziwa kuphika amasunga ndalama n'kutumiza kumudzi. Amene sadziwa amathera malipiro m'zakudya zogula. Inu anyamata amene mukulota za ku yunivesite, kumbukirani kuti kumeneko ambiri amakhala m'nyumba za lendi ndipo mpoto umadikira mwini wake. Nsima yoyamba ya mwana wathu inali ndi mibulu, tinadya osadandaula. Lero alendo sasiyanitsa ndi ya mayi ake.

Ana akamathandiza kukhitchini pali malamulo amene sitinyengerera. Mbaula ya makala siyaka m'nyumba yotseka mawindo, ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Zogwirira za mapoto ziloze kukhoma, kutali ndi ana oyenda chokwawa. Amene ali ndi gasi atseke botolo akangomaliza kuphika. Chakudya chotsala, makamaka mpunga, chisagone pamtunda nyengo yotentha ya Okutobala. Ngati mulibe furiji, phikani chokwanira usiku umenewo, ndipo mkute wa m'mawa utenthetsedwe mpaka utuluke nthunzi. Manja asambidwe ndi sopo musanagwire chakudya.

Phindu lina la kuphika pakhomo silioneka m'thumba kapena kusikelo ya kuchipatala. Tchipisi cha m'jumbo aliyense amadyera pake, wina pakhomo, wina kuchipinda ndi foni. Nsima imafuna kuti anthu akhale pamodzi idakali yotentha. Pamphasa imeneyo ndi pomwe timamva kuti mphunzitsi wa Physics wapereka mayeso Lachinayi, kuti nsapato zang'ambika, kuti pali mnyamata wina wa kabaza amene amadikirira atsikana panjira ya kusukulu. Nkhani ngati zimenezi mwana sakuuza ukamufunsa mwachindunji. Zimatuluka zokha pakati pa mbamu yoyamba ndi yachiwiri. Kwa makolo amene amachoka m'mawa kukadali mdima n'kubwera kutada, theka la ola limeneli ndilo nthawi yokhayo yoona nkhope za ana athu bwinobwino.

Pempho lathu kwa makolo anzathu ndi lakuti muyese sabata imodzi yokha: lembani ndiwo za masiku asanu, viikani nyemba usiku, gawani ntchito potchula dzina la aliyense, bambo asatsale. Inu ophunzira, makamaka anyamata, musadikire kutumidwa; makolo anu akamatsika minibasi apeze moto wayaka ndi madzi ali pambaula. Ndipo inu akuluakulu a komiti, tikupempha kuti pamsonkhano wa makolo wa teremu ino mupatule mphindi zochepa kuti amayi ndi abambo amene amadziwa kuphikira m'dengu ndi kufutsa masamba aonetse anzawo, komanso kuti tigwirizane zopepukitsa ntchito za madzulo kwa ana onse amene akulemba JCE ndi MSCE chaka chino, atsikana ndi anyamata omwe.

Allah adalitse manja onse amene amatiphikira, ndipo aike madalitso m'chakudya cha m'nyumba zathu.