Madigadi a paipi pa Hilux yanga

Pepani ndakhala chete teremu yonse. Ena mwa inu munaiona galimoto yanga pa Kasungu boma ndipo munaseka, wina mpaka anandiimbira foni kufunsa ngati ndagula thalakitala. Sindinakwiye. Nkhani yake nayi.

Paja mukuidziwa Hilux yanga ija, ya 1994, ya dizilo, yamasipuling'i a mapuleti kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndinaigula mu 2016 kwa mlimi wina wa ku Santhe amene fodya anamugwetsa chaka chimenecho. Galimoto imeneyi si yonyadira ayi. Imanyamula mabelo a mchimwene wanga kupita nawo ku okushoni ya Chinkhoma, imanyamula fetereza, timu ya mpira ya pasukulu, ndipo usiku wina aliyense akadwala m'mudzi muno amagogoda pakhomo panga.

Chimene chinadya madigadi ake ndi dothi lathu lomweli. Katondo akalowa kunsi kwa madigadi amamatirira, n'kusunga chinyontho miyezi yonse ya dzinja, dzimbiri n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Ine ndinawonjezera vuto poika matayala akuluakulu a mainchi 31 kuti ndizidutsa bwino m'madambo. Tsiku lina mu Januwale, ndikuthamangira kuchipatala ndi mayi wina woyembekezera, tayala lakumanzere linakwera pa bampu, linakola madigadi wowolayo, chitsulo chinapindikira mkati n'kung'amba tayala m'mbali. Tinasintha tayala mvula ili pamsana, mayi uja akubuula kumbuyo. Tinafika bwino, mwana anabadwa, koma m'mawa mwake ndinatenga sipana n'kuchotsa madigadi onse awiri akutsogolo.

Kuyenda opanda madigadi ndi manyazi okhaokha. Matope amauluka mpaka pagalasi, ndipo Lolemba lina ndinawaza atsikana atatu a Fomu 1 amene ankapita kusukulu yomwe ine ndimaphunzitsa. Yunifolomu zawo zinafiira. Anangoti "Mwadzuka bwanji sala." Komanso COF inali pafupi kutha. Ndinapita ku Biwi ku Lilongwe kukafunsa madigadi akale ochotsedwa pa galimoto zina, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zitsulo za galimoto sizigwirika. Mtengo umene anandiuza unaposa malipiro anga a mwezi, ndipo madigadi akewo analinso ndi dzimbiri lawo.

Mwana wanga ndiye anandionetsa pa foni zithunzi za ma Jeep a ku America. Iwo amachotsa madigadi a kufakitale n'kupanga ena a paipi yopinda, pamwamba n'kuika pleti. Ndinati izi n'zosavuta, ndi masamu a Fomu 2. Ndinakhala patebulo usiku: tayala la mainchi 31 ndi masentimita pafupifupi 79, theka lake 39.5, kuwonjezera mpata wa 7.5 zikwana 47. Theka la seko ndi 3.14 kuchulukitsa ndi 47, ndiye kuti paipi ya masentimita 148 mbali iliyonse. Ndinajambula ndi kampasi, ndinalemba bwinobwino, n'kunyamula pepala langa pamodzi ndi paipi yakale ya pamjigo kupita kwa wowotcherera amene anthu anandilozera.

Nditafika, mmisiriyo anakweza chigoba chakumaso n'kunena kuti, "Aa, sala!" Ndinamuzindikira nthawi yomweyo ndipo mtima unagunda. Ndinamuphunzitsa masamu mu 2008. Anali mwana wa tenanti pa esiteti ina, makolo ake anachokera ku Phalombe monga ankachitira ambiri masiku amenewo. Miyezi ya Febuluwale ndi Malichi ankajomba, akabwera ankagona m'kalasi. Tsiku lina ndinamudzutsa ndi dasita n'kunena pamaso pa anzake onse kuti mutu wake ndi woyenera jeke yodindira fodya basi. Kalasi inaseka. JCE sanakhoze, ndipo sindinamuonenso.

Anayamba ndi kukana paipi yanga. Anati ya pamjigo ndi yokutidwa ndi zinki, ukaiwotcherera utsi wake woyera umakupatsa mutu ndi kuzizidwa usiku ngati malungo, ndipo zakumwa mkaka zimene anyamata amanena n'zongodzitonthoza. Anandituma kukagula paipi yakuda ya mamilimita 32. Kenaka anaona pepala langa nthawi yaitali, sanaseke, anangofunsa kuti, "Sala, tayala lanuli limangozungulira basi? Silikwera m'mwamba?"

Kuseri kwa shopu yake kuli chulu. Anandiuza ndikweze tayala limodzi lakutsogolo pachulupo pang'onopang'ono mpaka sipuling'i itaphwatalala, kenaka ndikhotetse chiwongolero mpaka kumapeto. Anagwada ndi tepi. Tayala linakwera masentimita 12, pamene ine ndinasiya mpata wa 7.5. Litakhota linayandikiranso kumbuyo, cha kuchitseko. Seko yanga yokongola ija ikanang'amba tayala lachiwiri pa bampu yoyamba. Iye anatenga waya wamba, anamupinda motsatira pamene tayala lafika, anasiya mpata wa zala zitatu, ndipo chimene chinatuluka sichinali seko konse: pamwamba pafulati, makona awiri ofewa, kutsogolo kokwera. Anagoneka wayayo pasimenti n'kujambula ndi choko.

Kupinda paipi ndiko kunandigwira mtima, ndipo aphunzitsi a sayansi mvetserani apa. Paipi ikapindidwa yopanda kanthu mkati imaphwanyika pakona ngati phesi. Ndiye amaidzaza mchenga. Mchengawo anausefa, n'kuuwotcha pa lata mpaka utauma gwa, chifukwa ukakhala wonyowa madzi amasanduka nthunzi paipi ikatentha ndipo chotsekera chimauluka ngati chipolopolo. Mbali imodzi anatseka powotcherera kachitsulo, anathira mchenga pang'onopang'ono mnyamata wake akumenya paipi ndi hamala kuti ukhazikike, mbali inayo anakhomerapo mtengo. Anaika pamakala, mvukuto wake ndi fani yopukusa ndi gudumu la njinga, mpaka malo opindawo atafiira. Ndiye anakokera paipi mozungulira limu yakale imene anaiwotcherera patebulo. Msoko wa paipi anauika cham'mbali, osati kunja kapena mkati mwa kona. Nditafunsa chifukwa chake anati kunja chitsulo chimakokeka, mkati chimapanikizika, koma m'mbali sichivutika. Zimenezi zili m'mabuku a mainjiniya, iye anaziphunzira pong'amba mapaipi a eni ake.

Ndinapempha kuti kona imodzi ndipinde ndekha. Ndinakoka mwamphamvu ndi mofulumira, paipi inachita khwinya. Anaidula, tinayambiranso, ndipo yachiwiri ndinakoka monga anandiuzira, pang'onopang'ono, kupitirira mzere wa choko pang'ono chifukwa chitsulo chimabwerera. Ndinafuna kuithira madzi kuti izizire msanga, anandigwira dzanja.

Zotsalazo zinayenda mwachangu pamene magetsi analipo. Anadula katoni kukhala chitsanzo, anadula pleti ya mamilimita 1.6, anaigwiriza ndi timadontho apa ndi apo modumphadumpha kuti kutentha kusaipotoze. Anachotsa waya wa batire asanayandikize moto pagalimoto. Madigadiwo sanawawotcherere kubodi, anawamanga ndi mabawuti m'mabowo akale omwe, pakati n'kuikapo labala ya chubu. Anaboola timabowo totulukira madzi, anasamutsa maindiketa, anapaka redi okosaidi kawiri kenaka penti yakuda.

Koma magetsi ankazima, ndipo ntchito ya masiku atatu inatenga masiku asanu ndi atatu. Tsiku lachisanu tinakhala pabenchi kudikira, tikudya chimanga chootcha. Pakona panali majeke awiri odindira fodya, atsopano, openta bwino. Anaona kuti ndikuwayang'ana.

"Mukukumbukira sala? Munati mutu wanga ndi wa jeke. Chinthu choyamba chimene ndinapanga ndekha n'kugulitsa chinali jeke."

Ananena akumwetulira, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati munali mkwiyo m'mawu amenewo. Anandiuza kuti masiku amene ankagona m'kalasi ankakhala atachezera kusoka fodya ndi kumupachika m'chigafa, chifukwa bwana ankawerengera banja lonse ngati antchito ngakhale malipiro ankapita kwa bambo okha pakutha pa nyengo, atachotsa ngongole ya chimanga. Anati atasiya sukulu anakhala zaka zinayi kwa mmisiri wina akungogwira girayinda ndi kusesa.

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Kasungu, tisanamizane. Ndinkadziwa. Tonse tinkadziwa chifukwa chimene mabenchi ankakhalira opanda anthu nyengo yothyola ndi yosankha fodya, ndipo manja a anawo ankabwera akuda ndi phula la fodya. M'rejisitala tinkangolemba kuti wajomba. Utenanti unaletsedwa ndi lamulo mu 2021, koma inu amene mumaitana maina mu Malichi mukudziwa bwino kuposa ine ngati mabenchi adzaza.

Ndinameza malovu n'kunena kuti, "Achimwene, tsiku lija ndinalakwa." Sanayankhe. Babu la pakhomo linayaka, iye anadzuka n'kuvala chigoba chake. "Gwirani apa sala, koma musayang'ane moto."

COF inatuluka. Woyeza anagogoda madigadi ndi chala, anafunsa amene anapanga, n'kulemba nambala yake ya foni. Ndadutsa kale kawiri padambo la kwathu madzi ali m'maondo, tayala silinakhudze paliponse, ndipo matope akugwera pansi chifukwa kumbuyo kwa tayala anapachikako zidutswa za lamba wakale wa pachigayo. Mukayang'anitsitsa muona kuti wakumanzere ndi wokwera ndi sentimita imodzi kuposa wakumanja. Ameneyo ndi amene ndinapinda ine.

Polipira tinakangana pang'ono. Iye ankafuna kundichotsera, ine ndinakana, ndipo pamapeto pake analandira ndalama yonse koma anasunga pepala langa la masamu lija. Anati pali chimene akufuna pamenepo. Akamapanga mikombero ya migolo ndi ya mawilo a ngolo amayeza ndi chingwe, ndipo nthawi zina amadula chitsulo chachifupi n'kutaya. Akufuna ndimuonetse za 3.14 zija, iye ndi anyamata ake awiri. Tapangana Loweruka likubwerali 2 koloko, pasimenti pomwe paja. Choko ndibweretsa ine.