Makolo athu ndimawafufuza pa kompyuta

Anthu akamva kuti ndimafufuza za DNA amaganiza kuti ndimakhalira kugwira magazi mu labotale. Magazi ndi malovu amatenga ndi anzanga. Ine chimandifika ndi fayilo ya zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zondondozana mpaka pafupifupi 3 biliyoni mwa munthu mmodzi. Anthu awiri amasiyana pa chilembo chimodzi mwa zilembo pafupifupi 1,000 zilizonse, ndipo pamene asiyanapo ndi pomwe ine ndimadyera.

Chida changa cha tsiku ndi tsiku ndi pulogalamu ya ADMIXTURE ya mu 2009, yomwe inatsata STRUCTURE, imene Jonathan Pritchard ndi anzake anatulutsa mu 2000. Ndimaiuza nambala yotchedwa K, kutanthauza magulu a makolo amene ndikuganizira. Ndikati atatu, imajambula munthu aliyense ngati kamzere kopakidwa utoto patatu. Ndikati asanu, imagawa pasanu, osawiringula. Kumvera kumeneku ndiye msampha wake. Utotowo ndi masamu chabe. Kompyuta sidziwa kuti uyu ndi wa kwa Banda kapena wa kwa Phiri. Choncho nthawi yanga yambiri imathera pokayikira zimene yandipatsa: ndimapeka anthu amene mbiri yawo ndikuidziwa kale, n'kuona ngati pulogalamuyo iipeza.

Ikagwira bwino ntchitoyi imakoma. Mu 2017 Pontus Skoglund, David Reich ndi anzawo anawerenga DNA ya mafupa ofukulidwa kuphiri la Hora ku Mzimba, ku Chencherere ku Dedza ndi ku Fingira. Ena a ku Hora ndi a zaka pafupifupi 8,100. Anali alenje, achibale pang'ono ndi Asan a kumwera kwa Africa, koma mwa Amalawi a lero amene anayezedwa, DNA yawo sinapezeke kwenikweni. Nthano za Akafula timazimva ndi makutu ena tsopano.

Za malipiro ndisakunamizeni. Ukamaliza PhD umayenda ndi makontilakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, uku ukulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku, ambiri n'kukanidwa. Mipando ya uprofesa ndi yowerengeka.

Komabe ntchito ilipo yambiri: kusiyana kwa DNA n'kochuluka mu Africa kuposa kwina kulikonse, pomwe ambiri amene anayezedwa kale ndi azungu. Inu amene mukufuna ntchito imeneyi, musathawe masamu, ndipo yambani msanga kuphunzira zilankhulo za kompyuta za Python ndi R.