Lusaka Amene Tinkamupalasa pa Njinga

Ana a masiku ano akamva kuti kale munthu ankachoka ku Matero pa njinga, n'kudutsa Cairo Road yonse mpaka ku Kamwala mtima uli m'malo, amangoseka. Amati agogo akalamba. Koma ife amene tinachoka kuno kwa Magodi m'zaka za m'ma 1970 kukafuna ntchito ku Lusaka tikudziwa zimene tinaona, ndipo oti tizinene tatsala ochepa.

Ulendo unkayamba ndi njinga. Mbale wako ankakukweza pakaliya kuchoka ku Egichikeni kapena ku Emusa mpaka pa boma la Lundazi, katundu wako ali pamiyendo. Apo n'kukwera basi ya UBZ kupita ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, n'kugona pa siteshoni. Kukacha, Katete, Petauke, Nyimba, mapiri aja oopsa, mlatho wa Luangwa pamene asilikali ankafuna kuona chitupa, ndiye Lusaka. Nkhuku yootcha imene amayi anakumangira inkatha musanafike ku Nyimba, chifukwa sukanadya wekha mnzako wapampando akuyang'ana.

Mumzinda namonso inali UBZ yomweyo, kampani ya boma. Mabasi ake anali aakulu, ndipo anali ndi njira zake ndi poima pake. Kondakitala ankavala yunifolomu, chikwama chandalama chili pakhosi. Unkamupatsa mangwee, iye n'kukupatsa tikiti ndi chenji chako osakangana. Mayi wapakati akakwera, mnyamata ankaimirira yekha osauzidwa. Zinthu zazing'ono, koma munthu wakumudzi wosadziwa Chingerezi ankafika kumene akupita osanyozedwa.

Chuma chathu chenicheni chinali njinga. Mnyamata akalandira malipiro miyezi ingapo, choyamba kugula sichinali nsapato ayi, chinali Humber kapena Raleigh. M'mamawa, kusanayere bwino, njinga zinkatuluka mu Matero, mu Chaisa, mu Mandevu, kulowera ku mafakitale, mabelu ali ngiringiri, aliyense atamanga mwendo wa buluku kuti tcheni isaudye. Tinkalonjerana tikupalasa. Ukamva wina akuti "mwawuka uli" m'Chitumbuka, unkadziwa kuti ndi wakwanu, ndipo nkhani za maliro ndi za mvula ya kumudzi unkazimvera pamenepo. Tayala likaphwa, wokonza njinga anali pansi pa mtengo ndi beseni la madzi. Ankamiza chubu pang'onopang'ono, maso ali tcheru, mpaka pamene patuluke thovu. Ankakwecha pobowokapo, kupaka sulushoni, kuuzira ndi pakamwa kuti iume, kumata chigamba, kupopa, ndipo unkafika kuntchito belu lisanalire.

M'zaka za m'ma 1980 tinayamba kupalasa Eagle, njinga yopangidwa ku Luangwa Industries ku Chipata. Zimenezi zinkatinyaditsa kwambiri ife a kum'mawa. Ana athu ndiwo ankamanga njingazo, ndipo zinkanyamula thumba la ufa, mkazi ndi mwana, osadandaula.

Sindikuti zonse zinali bwino. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, dziko linasowa ndalama zakunja zogulira zitsulo za mabasi. Basi ikawonongeka inkangokhala ku depoti, ndipo mizere ya anthu odikira inkatalika chaka ndi chaka. Boma litasintha mu 1991, msonkho wa mabasi olowa m'dziko unachotsedwa, maminibasi anadzaza mzinda, ndipo mu 1995 UBZ inatsekedwa. Ambiri anasangalala chifukwa kudikira kunachepa. Anali ndi chifukwa chosangalalira. Koma palibe amene anafunsa kuti wapanjinga adzayenda pati.

Dalaivala wa minibasi amafunika kupereka ndalama yoikika kwa mwini galimoto tsiku lililonse, yotsalayo ndiye yake. N'chifukwa chake amathamanga, amaima paliponse, amalanda mphepete mwa msewu pamene ife tinkadutsa. Pa Kulima Tower ndi pa City Market angwangwazi, anyamata oitanira okwera, anayamba kukokerana anthu ndi katundu wawo ngati nkhuku za pamsika. Sitima ya Njanji, imene inkatenga anthu pakati pa Chilenje ndi Matero, inayenda zaka zowerengeka n'kuima. Fakitale ya njinga ija ya ku Chipata inagulitsidwa, kenako inakhala chete.

Mnzanga amene tinaweta naye ng'ombe kuno kumudzi, amene anapalasa njinga mu Lusaka kuyambira unyamata wake osagwapo, anagundidwa madzulo ena pa Lumumba Road akuchokera kuntchito. Pakaliya panali kathumba ka ufa ndi kapenta wa ana. Amene anamugunda sanaime. Tinabwera naye m'bokosi kudzera njira yomwe ija ya Nyimba ndi Petauke, ndipo mkazi wake anapempha kuti njingayo ibwere nawo, ngakhale inali yopindika yosakonzeka. Ine kuyambira pamenepo sindinapalasenso mumzinda. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti iye sanalakwe kanthu. Ankayenda kumanzere, m'mphepete, monga tinkayendera kale.

Lero Lusaka ali ndi anthu oposa 2 miliyoni. Anamanga misewu yodutsa pamwamba ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres, yokongola zedi, koma yomangidwira amagalimoto. Mdzukulu wanga wa ku Kanyama amadzuka tambala asanalire, ndalama yambiri ya malipiro ake imathera pa minibasi, ndipo nditamuuza kuti agule njinga anandiyankha kuti, "Agogo, mukufuna ndife?" Ndinasowa chomuyankha, chifukwa ankanena zoona.

Kuno kwa Magodi njinga idakali moyo. Ndiyo imatenga chimanga kupita kuchigayo, thonje ndi soya kumsika, wodwala kupita kuchipatala ku Kanyanga, mwana kusukulu. Kuyambira 2018 tili m'boma lathu la Chasefu, ndipo njinga zamoto ndi malole zikuchuluka pa msewu wa Lundazi kupita ku Chama. Inu ana athu amene muli m'makhonsolo ndi m'maofesi a zamisewu, pokonza msewu umenewu musiye malo okwanira m'mbali mwake oti wapanjinga adutsepo. Tinaika kale m'manda mmodzi wathu chifukwa cha malo amenewo, musatiikitsenso adzukulu athu.