Kuchoka ku Golomoti kupita kozizira

Ana anga, aliyense amene adakwerapo msewu wa Khwekhwerere amadziwa kuti dziko limasintha msanga. Umachoka pa Golomoti thukuta lili kamukamu, milambe ili mbuu ndi fumbi, koma pofika pa Masasa, pomwe msewuwu umakumana ndi wa M1, wayamba kale kufunafuna juzi.

Ndidakwera msewu umenewu mu Sepitembala 2024 poperekeza mwana wa mng'ono wanga ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Adapeza mwayi wa maphunziro a zaumoyo a chaka chimodzi ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Mwamuna wake, mphunzitsi wa kupulayimale kwathu konkuno, adakhala kumbuyo atafungatira mwana wawo wa zaka zitatu. Kupita onse kudali kosatheka poti kuyambira mu Januwale 2024 boma la Britain lidaletsa ophunzira ambiri a digiri yachiwiri kutenga mabanja awo.

Mwezi woyamba zithunzi zinkangobwera pafoni: nyumba zamiyala, mabasi osanjikizana, iye ali mwee m'chijasi. Pofika mu Novembala zithunzi zija zidayamba kusowa. Usiku wina mu Disembala adandiimbira ine, osati mwamuna wake.

"Amayi aakulu, ine ndatopa. Ndikufuna kubwerera."

Ndidamusiya alire kaye. Ntchito ya unamwino idandiphunzitsa kuti wodwala sumudula mawu.

Adati nyengo imeneyo ku Glasgow dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko ndipo 4 koloko isanakwane kwada kale. Mwana wobadwira kuchigwa, komwe dzuwa limakudzutsa lokha, ankapita m'kalasi kuli mdima n'kubwerako kuli mdima. Oyandikana naye chipinda ankangomwetulira n'kutseka chitseko. Aphunzitsi ankafuna kuti aziwatchula dzina lawo loyamba ndiponso aziwatsutsa m'kalasi, pomwe ife tidaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa. Iye ankangokhala duu, anzake n'kumamuyesa wosadziwa kanthu.

Koma chomwe chidamupweteka kwambiri chidachokera kuno kwathu. Aliyense woimba foni ankayamba ndi feteleza, fizi kapena malata. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, paundi imamveka ngati chuma chosatha. Sitidziwa kuti ndalama ya sikolashipu imathera kulendi, chakudya ndi basi, komanso kuti chiphaso cha wophunzira chimangomulola kugwira ganyu maola 20 pasabata sukulu ili mkati. Nawo akamwini ankakwiya akaimba 6 koloko m'mawa foni osayankhidwa, osadziwa kuti miyezi yozizira kumeneko imakhala ili 4 koloko. Mpamene maganizo oipa adayambira: kodi ali ndi ndani?

Ndidamuuza zinthu zitatu. Choyamba, akalembetse kwa dokotala wa m'dera lake ndipo akanene zonse, ngakhale zakusowa tulo ndi kusafuna kudya. Nkhawa ndi matenda ngati ena onse, si kuchepa kwa pemphero ayi, ndipo masukulu akumeneko amakhala ndi alangizi othandiza ophunzira. Azaumoyo a ku Britain amalangizanso kumwa vitamini D, makamaka ife akhungu lakuda, poti dzuwa limachepa. Ndipo wochokera kwathu kuno akatentha thupi atangofika kumene, azinena msanga kuti wachokera kudera la malungo, chifukwa dokotala wa kumeneko sangawaganizire yekha.

Chachiwiri, asadzitsekere m'chipinda. Ku Scotland dzina la Malawi si lachilendo. David Livingstone adabadwira ku Blantyre wa kumeneko, kufupi ndi Glasgow, mu 1813, ndipo maiko awiriwa adasainirana mgwirizano mu 2005. Amalawi aliko, mipingo iliko, ngakhale ufa wophikira nsima umapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa.

Chachitatu, azifunsa. Safunsa adadya phula. Ndidamukumbutsa za Bambo Claude Boucher a ku Mua, pamtunda pathu pomwepa. Adachokera ku Canada, dziko lachisanu, kudzakhala m'kutentha kuno. Adaphunzira chilankhulo chathu, adakhala pansi ndi akuluakulu n'kumawafunsa, mpaka adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo anthu adawapatsa mfunda wa Chisale. Nawonso adayamba ali mlendo wosadziwa ngakhale kupereka moni.

M'mawa mwake ndidakwera kabaza kupita kwa akamwini. Ndidawapeza akuchapa zovala za mwana, maso ali psuu.

"Apongozi, kodi anthu sakundiseka ine?" adandifunsa.

Ndidati: "Oseka aseke, bambo. Inu mukusunga banja lanu."

Tidagwirizana kuti Lamulungu lililonse 5 koloko madzulo aziimbirana, mwana aziyamba kulankhula. Nkhani ya ndalama izikambidwa kamodzi pamwezi, pakati pa awiriwo basi. Abale ena onse ndidawauza ndekha kuti akafuna kuimba azifunsa za moyo, za feteleza azibwera nazo kwa ine. Ena adandinyanyala mpaka lero, palibe kanthu.

Sindikunamizani kuti zonse zidatheratu pomwepo. Adakanganabe kangapo, ndipo mayeso ena adachita kubwereza. Koma adamaliza, ndipo kumapeto kwa 2025 tidatsika naye Khwekhwerere yemwe uja, nyanja ikuonekera patali. Asanafike n'komwe pamsika wa Golomoti adali atavula kale juzi, akufunsa mtengo wa usipa. Mwana adayamba wabisala kumbuyo kwa bambo ake, ndipo padapita masiku angapo kuti azolowerenso kugona ndi mayi ake.

Tsono inu makolo, ndi inu amene amuna kapena akazi anu akukonzekera ulendo wotere, kambiranani asananyamuke: muziimbirana liti, ndalama zizidzera kwa yani, mwana azikhala ndi ndani. Ndipo akaimba kuchokera kutaliko, musathamangire kufunsa kuti atumiza liti. Yambani mwafunsa ngati wadya, ngati akugona bwino, ndiponso ngati wapeza mnzake womuchezetsa.