Galu m'galimoto: chingwe cha pakhosi chimapha

Ife aphunzitsi a kumudzi timasamuka pafupipafupi. Kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro ikangofika, munthu umayamba kuwerenga katundu: mabedi, matumba a chimanga, nkhuku, njinga. Galu amakumbukiridwa pomaliza, injini italira kale, ndipo wina amangotola chingwe n'kumumanga pakhosi kumbuyo kwa lole.

Chingwe chotere ndinachiona chikupha galu wa mphunzitsi mnzanga tsiku lomwe tinkamuperekeza. Chinali chachitali pafupifupi mamita awiri, ndipo anachimanga ku chitsulo cha m'mbali. Tikudutsa pa msika wina, galu uja anaona mbuzi n'kudumpha. Chingwe sichinafike pansi, moti analendewera m'mbali mwa lole. Dalaivala sanamve kanthu mpaka anthu a pamsika atakuwa. Pomwe tinkaima n'kuti zitatha kale. Ana a mnzangayo analira ulendo wonse, ndipo banjalo linafika pamalo achilendo lilibe mlonda wa pakhomo.

Wanga dzina lake ndi Chimphepo, ndipo dzinali analiyenera. Akamva kulira kwa galimoto amazungulira bwalo katatu. Akakwera amafuna aone zenera lililonse nthawi imodzi, auwe njinga ya kabaza iliyonse, kenako akwere pamiyendo pa amene akuyendetsa. Ine galimoto ndilibe, malipiro athu mukuwadziwa. Timakwera Probox ya alamu anga popita naye ku katemera wa chiwewe, komanso pa holide tikamakwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti kupita kumudzi.

Alamu anga poyamba ankaseka. Ankati galu si mwana woti n'kumumanga lamba. Ndinawayankha ndi zomwe ndimaphunzitsa m'kalasi ya Physics. Lamulo loyamba la Newton limati chinthu chomwe chikuyenda chimapitirirabe kuyenda pokhapokha china chake chichiimitse. Galimoto ikagunda chinthu, imaima, koma galu wosamangidwa saima nayo. Liwiro la makilomita 50 pa ola, lomwe timaliona ngati laling'ono, ndi pafupifupi mamita 14 pa sekondi. Kugunda chinthu pa liwiro limenelo n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamtengo wotalika mamita 10. Chimphepo amalemera makilogalamu 15. Tangoganizani katundu wolemera choncho akuuluka kuchokera kumbuyo n'kudzamenya mwana kapena dalaivala m'khosi. Ndipo ngozi isanachitike n'komwe, galu wolowa kumapazi kwa dalaivala akhoza kutsekereza buleki. Alamu anasiya kuseka.

Njira yomwe ndimaikhulupirira kwambiri ndi bokosi. Wowotcherera zitsulo wa pamsika pathu anandipangira la waya wolimba, lalikulu moti galu amatha kuimirira, kutembenuka ndi kugona, koma losakula kuposa apo, chifukwa m'bokosi lalikulu kwambiri amagubuduzika pa makona. Pansi ndimayala chiguduli chomwe amagonapo kunyumba kuti amve fungo lake. Bokosilo timaliika kuseri kwa mpando wakumbuyo, litatsamira mpandowo, n'kulimanga mwamphamvu, poti bokosi losamangidwa nalonso limauluka. Ndikafunditsa nsalu mbali ziwiri kuti asaone mbuzi ndi njinga za mumsewu, kuuwa kumachepa kwambiri. Mbali zinazo zimakhala zotsegula kuti mphepo izidutsa.

Koma musamuonetse galu bokosi koyamba tsiku la ulendo. Ine ndinaliika pakhonde kwa milungu iwiri chitseko chili chotsegula, ndipo nsima yake ndi bonya ndinkamupatsira momwemo. Kenako tinayamba timaulendo tatifupi, kukafika pamlatho n'kubwerera. Galu amene amakwera galimoto pokhapokha akamakabayidwa jakisoni amaiona ngati mdani.

Katundu akachuluka bokosi n'kusowa malo, ndimamuveka lamba wa pachifuwa, wodutsa kutsogolo ndi kuseri kwa miyendo yakutsogolo, n'kumulumikiza ku lamba wa mpando wakumbuyo. Wanga anasoka ndi telala kuchokera ku lamba wa galimoto yakufa. Ndinene zoona, lamba wosokedwa pamsika ntchito yake ndi kuletsa galu kuyendayenda basi, pa ngozi yaikulu ulusi wake ukhoza kuduka. Komabe mabuleki akamangidwa mwadzidzidzi, mphamvu imagwera pachifuwa osati pakholingo. Mpando wakutsogolo ayi. Magalimoto ochokera ku Japan omwe adzaza m'misewu yathuwa ali ndi airbag, chithumba cha mpweya chija chimafufuma pa ngozi, ndipo anachipangira munthu wamkulu womanga lamba. Zenera ndimatsitsa pang'ono polowa mphepo, osati potulukira mutu, chifukwa fumbi ndi timiyala ta m'misewu yathu timavulaza maso.

Kwa amene alibe kuchitira mwina koma kumukweza kumbuyo kwa lole, mumangeni pakati, pafupi ndi mutu wa galimoto, ndi zingwe ziwiri zazifupi, china kumanja china kumanzere, zonse zomangidwa ku lamba wa pachifuwa, kuti asafike m'mphepete. Yalani thumba pansi. Chitsulo chomwe chakhala padzuwa la October chimawotcha mapazi. Zomuika m'thumba kapena kumutsekera m'buti ya galimoto yaing'ono ndi nkhanza chabe.

Kutentha n'kumene anthu ambiri sakuganizira. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma mwawefuwefu lilime lili kunja. M'galimoto yotseka yoimikidwa padzuwa mpweya umene akupumawo umakhala wotentha kale, ndipo akhoza kufa inu mukugula tomato. N'chifukwa chake timanyamuka m'mamawa, chigubu cha madzi ndi mbale zili pafupi, ndipo tikaima wina amatsala naye pamthunzi. Tisananyamuke ndimamuthamangitsa kaye pabwalo la mpira la pasukulu kuti mphamvu zichepe. Chakudya ndimamupatsa kutatsala maola atatu kapena kuposa, apo ayi makona a Khwekhwerere amamusanzitsa.

Chiphaso cha katemera ndimayenda nacho m'thumba. Galu wamantha amaluma ngakhale amene amamudziwa, ndipo akakanda munthu panjira funso loyamba limakhala loti anabayitsa liti.

Pofika, chitseko sichitsegulidwa mpaka unyolo utakoledwa ndipo uli m'manja mwanga. M'mbali mwa M1 galu wotuluka mothamanga sapita patali. Pamalo atsopano ndimamusunga pa unyolo kapena mu mpanda kwa masiku angapo, ndikumayenda naye m'mawa ndi madzulo kuti adziwe njira, chifukwa galu wongofika kumene akamasulidwa amayamba kufunafuna kwawo kwakale.