Galimoto Amasankha ndi Msana

Ndimakhala ku Zomba koma ntchito ndimagwira ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 60. Kupita ndi kubwera tsiku ndi tsiku si masewera.

Pamene ndimafuna galimoto, anzanga adandiumiriza kugula yonyezimira, yoti anthu azicheuka nayo. Komatu woyenda ulendo wotere amafunsa kaye msana ndi thumba lake. Ndidagula Toyota Corolla yakale yochokera ku Japan. Mpando wake ngwofewa, siimwa mafuta kwambiri, ndipo masipeya ake savuta kupeza ku Limbe.

Ndimalawirira m'bandakucha kuti ndidutse pa Namadzi ndi pa Njuli malole asadachuluke. Madzulo ndikafika pakhomo, ndimatha kuwerama n'kunyamula mwana wanga osabuula. Ndalama zanga zidagula chimenecho.