Kambalame Kochokera ku Dziko la Madzi Oundana

Ndikulemba izi ndili pakhonde la nyumba ya mpingo ku Canongola, mu mzinda wa Tete, kumene ife obadwira ku mapiri a Angonia ndi Tsangano timafika pozindikira kuti dzuwa nalonso lili ndi chikwapu. Aliyense amene anakhalapo kuno mu Okutobala kapena Novembala akudziwa kuti kutentha kumapitirira madigiri 40, malata amalira okha masana, ndipo madzi oundana ndi chinthu chimene timachita kugula m'timajumbo kwa amayi amene ali ndi filiji. Choncho ena mudabwa kumva mbusa wa ku Tete akukamba za dziko limene nthaka yake yomwe ndi youndana. Nkhaniyi sindinachite kuifunafuna ayi, inandipeza yokha m'mphepete mwa Zambezi.

Loweruka lina mu Okutobala 2023 ndinkachokera koyendera odwala pamodzi ndi mkulu wina wa mpingo, bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Tinadzera njira ya kumtsinje pofuna kamphepo. Kumeneko tinakumana ndi mnyamata wa Sande Sukulu, legeni ili m'khosi, atanyamula timbalame titatu tomangirira pa luzi. Atationa anafuna kutibisa kumbuyo, koma anali atachedwa. Tiwiri tinali mpheta wamba. Kachitatu kanali kachilendo: pamimba poyera, miyendo yakuda, mlomo waufupi wowongoka, ndi timizere tiwiri toyera pamsana tokakumana cha kumchira. Mkulu uja anakaika pachikhatho, nakatembenuza kanthawi ndithu osayankhula.

"Abusa," anatero pamapeto pake, "kambalame aka kaswedwa chaka chomwechino, ndipo sikanaswedwere mu Africa muno."

Madzulo ake anabwera kwathu ndi buku lake lakale la mbalame, ndipo tinawerenga mpaka usiku. Apwitikizi amakatcha pilrito-pequeno, Angerezi amati little stint. Kamalemera pafupifupi magalamu 25, kutanthauza kuti mukadaunjika timbalame 40 ndi pamene mukadafika pa paketi imodzi ya shuga ya kilogalamu. Kwawo ndi kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, m'mphepete mwa nyanja ya Arctic, kuyambira ku Norway mpaka ku Siberia m'dziko la Russia. Kuchokera ku chigawo cha Taimyr ku Siberia kudzafika pa mchenga wa Tete pali mtunda woposa makilomita 10,000.

Dziko limenelo ndi lovuta kuliyerekeza kwa munthu amene anakulira pansi pa mlambe. Kulibe mtengo ndi umodzi womwe woti munthu n'kuusapo, koma udzu waufupi, ndere ndi tizitsamba tokwawa. Pansi pa nthaka pamakhala pogwirana ndi chisanu chaka chonse, ndipo pamwamba pokha ndi pamene pamasungunuka nyengo yofunda ikafika. Popeza madziwo alibe kolowera, dziko lonse limasanduka zithaphwi, ndipo m'zithaphwimo mumaswana udzudzu ndi tizilombo tina miyandamiyanda. Chimene kwa ife chikadakhala mliri, kwa mbalamezi ndi nkhokwe. Mu Juni ndi Julaye dzuwa sililowa kumeneko, limangozungulira m'munsi mwa thambo, kotero kuti mbalame imadya usana ndi usiku popanda usikuwo. Imapalasa kadzenje pansi, niikira mazira anayi, nikhalira pafupifupi masabata atatu. Anapiye akangouma amayamba kuyenda ndi kudzitolera okha chakudya. Zonsezi zimachitika mothamanga, chifukwa miyezi yochepa ikapita chisanu chimabwerera, ndipo pakati pa nyengo yozizira dzuwa limatha masabata ambiri osatuluka.

Ku sukulu ya ubusa tinawerenga Yobu mutu 38, pamene Mulungu amfunsa Yobu za kumene madzi oundana achokera ndi za nyanja imene pamwamba pake pauma ngati mwala. Ndinalemba mayeso pa mutuwo ndipo ndinakhoza, koma ndivomere kuti ndinkauwerenga ngati ndakatulo chabe. Sindinkadziwa kuti alendo ochokera ku nyanja yoteroyo amatera chaka ndi chaka pafupi ndi pamene amayi athu amachapira zovala.

Pali china chimene mkulu uja anandifotokozera chimene chinandiseketsa, kenaka n'kundikhalitsa chete. Kumeneko kuli mtundu wa mbewa wotchedwa lemming, umene umachuluka kwambiri chaka china, n'kusowa chaka chotsatira, pafupifupi zaka zitatu kapena zinayi zilizonse. Chaka cha mbewa zambiri, nkhandwe zoyera za kumeneko zimakhuta mbewazo ndipo sizilabadira zisa za mbalame. Mbewa zikasowa, nkhandwe zimatembenukira ku mazira ndi anapiye. Mu 1987 akatswiri awiri, Ron Summers ndi Les Underhill, anasonyeza kuti kuchuluka kwa ana a mbalame zochokera ku Taimyr kumakwera ndi kutsika motsatira mbewa zimenezi, kotero kuti munthu wowerenga mbalame za chaka chimenecho m'mbali mwa nyanja ku South Africa akhoza kudziwa ngati ku Siberia kunali mbewa kapena ayi. Mchewa aliyense akhoza kuimvetsa nkhandweyo. Kwathu ku Angonia, chaka cha mbewa zambiri, ndani amavutika ndi kuponya legeni?

Koma chimene chinandilasa mtima ndi ichi. Makolo a timbalameti amanyamuka poyamba, kusiya ana awo akadali kukhwimitsa mapiko. Anawo amatsatira pambuyo pake, popanda mayi kapena bambo wowalozera njira, nawoloka nyanja ndi zipululu zimene sanazionepo. Kambalame kamene kanali pachikhatho cha mkulu uja kanali ka miyezi itatu yokha.

Apa ndiyenera kuulula za m'nyumba mwanga. Nthawi imeneyo ine ndi mwana wanga wachisamba tinali titatha miyezi iwiri tikungopatsana moni. Anali atamaliza kalasi 12, nakhala zaka ziwiri akuyendayenda ndi makalata ofunsira ntchito mu Tete ndi ku Moatize osapeza kanthu, ndipo anatsimikiza zopita ku Joni. Ine ndinatenga pasipoti yake n'kuitsekera m'kabati momwe ndimasunga mabuku a mpingo. Ndinali ndi zifukwa. Pa utumiki wanga ndaikapo m'manda anyamata awiri amene anapita ku Joni ndi miyendo yawo, nabwerako ali m'bokosi. Amene anaimapo pa manda otere, akuyang'ana mayi wa malemuyo, sangandiweruze msanga.

Usiku umenewo chiyeso cha mlaliki chinandifikira. Ulaliki unali utapsa kale: Mulungu amene amatsogolera kambalame kuchokera ku Siberia adzatsogoleranso ana athu. Mneneri Yeremiya pa mutu 8 ndime 7 anachitiranso fanizo mbalame zodziwa nyengo ya ulendo wawo. Koma ndikanaulalikira bwanji ndi mtima woona, pamene kambalame kanga kanali kakufa? Kanapulumuka nkhandwe, kanadutsa nyanja ndi chipululu, n'kudzafera pa mwala wa mwana wa Sande Sukulu yanga. Ndinatsegula Mateyu 10:29 ndipo ndinaona chimene ndinakhala ndikuchilumpha zaka zonsezi: Ambuye sanalonjeze kuti mpheta sidzagwa. Ananena za kugwa kwake, ndi za Atate amene kugwako sikuwapitirira. Zimenezi sizinandisangalatse. Ndinkafuna lonjezo lina, loti wanga yekha sadzagwa, ndipo ndinalifufuza mpaka tambala woyamba osalipeza.

Kutacha ndinawafotokozera zonse amayi a kunyumba. Anamvetsera akusesa, kenaka anaimika tsache nati, "Abambo, inu munachoka kwa makolo anu muli ndi zaka zingati, nkhondo ili mkati? Anakutsekerani chiyani m'kabati?" Sindinawayankhe. Panapitabe masabata atatu ndisanatulutse pasipotiyo, ndipo sindinganene kuti ndinaitulutsa ndi chimwemwe. Ndinaipereka kwa mwini wake titagwada tonse pamphasa, ndipo pemphero langa linali lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo.

Ananyamuka mu Febuluwale 2024, kudzera pa chipata cha Cuchamano, Harare ndi Beitbridge. Miyezi iwiri pambuyo pake timbalame tija tinasowa pa mchenga, tinabwerera kwawo kukaswa. Mwanayo anapeza ntchito yonyamula katundu m'sitolo, amaimba foni Lamulungu madzulo, ndipo amanena kuti amapemphera ndi anzake a Chichewa m'chipinda china chochita lendi. Foniyo ikachedwa ndi ola limodzi, nsima sinditsikira kukhosi.

Mnyamata wa legeni uja ndinakamupeza kwawo. Ndinamufotokozera za ulendo wa kambalame kaja, ndipo anamvetsera maso ali tong'o. Nditamupempha kuti timbalame ta m'mbali mwa madzi azitileka, anayang'ana pansi nafunsa mwaulemu, "Nanga tikasowa ndiwo, Abusa, tizidyera chiyani?" Amakhala ndi agogo ake okha. Nkhani yawo tinaitula kwa atumiki a mpingo, ndipo tsopano amawayendera mwezi ndi mwezi. Legeniyo akadali nayo, ndipo sindimufunsa zambiri.

Chiyambire nthawi imeneyo, Seputembala akamatha ndimapita kumtsinje m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Ulendo womaliza ndinapita ndi mkulu uja, amene tsopano akuyenda ndi ndodo. Tinapeza timbalame 14 tikuthamangathamanga m'matope, mitu ili pansi ngati amayi otola mtedza. Iye anayesetsa kuti andisonyeze tamwana ndi tatikulu, koma maso ake atha, ndipo anga sanaphunzirebe kusiyanitsa. Tinakhala pamwala mpaka asodzi anayamba kukocheza mabwato awo, kenaka tinabwerera, chifukwa ndinali ndi kalasi ya ofuna ubatizo nthawi ya 8 koloko.